Mlonda wa Mizere

Chisanu cha Juni chatsika m'phiri la Dedza,
chalowera kunsi kwa chitseko
cha kachipinda tikuchita lendi kuseri kwa depoti.
Zala zauma gwa.
Chofunda muno ndi laputopu yokha.

Tilipo awiri, ine ndi Dzinkambani,
tikusoka chovala cha webusayiti
ya alimi a mbatatesi a ku Bembeke:
kaonekedwe ka zilembo, pokhala chithunzi,
batani lobiriwira loti "Itanitsani thumba".

Miyezi itatu takhala tikukokana.
Iye amalowetsa mzere ndi mipata inayi,
ine iwiri, ndinazolowera choncho basi.
Iye mkutiramawu amaupatsa mzere wakewake,
ine ndimaupanikiza kumapeto
ngati wokwera minibasi womaliza.
Ndikagona, amawongola zanga.
Akapita kogula makala, ndimabwezera mwakale.
Khodi yathu inasanduka munda wa anthu osayankhulana,
mizere ina kuloza ku Linthipe,
ina kuthawira ku Mozambiki.

Lachiwiri lija magetsi atayaka
tinalemba malamulo m'kafayilo kamodzi.
Za mipata tinaponya ndalama m'mwamba.
Inagwera iye. Ndinameza malovu.
Kenako tinaimika mlonda pakhomo,
wosadya, wosalipidwa, wosawodzera,
wosadziwa kuti wamkulu ndani pa awirife.
Aliyense wotumiza ntchito yake
ayambe wadutsa pa iye.

Ndinatumiza ine poyamba, monyadira.
Kampira kanazungulira, kanazunguliranso,
netiweki ikukwawa ngati lole pa chitunda,
kenako mtanda wofiira: psuu!
Zolakwa mazana atatu ndi khumi ndi ziwiri.

Mzere wa 48: mpata wotsalira kumapeto.
Mzere wa 90: dzina ili mwalitchula
koma simunalipatse ntchito.
Mzere wa 131: mpatuliro uli kuti?
Mtundu wobiriwira mwaulemba katatu,
katatu konse mosiyana.

Dzinkambani anaseka mpaka kukhosomola.
Anatumiza zake.
Mtanda womwewo, wofiira chimodzimodzi.
Anyani tinkasekana zikundu.
Tinakhala chete, tiyi akuzizira,
aliyense akuzula nansongole m'ndime yake,
zina mlondayo akuwongola yekha
tisanakhudze ndi chala chomwe.
Cha m'ma thu koloko usiku
kachongi kobiriwira kanatulukira,
kakang'ono ngati mphukira ya nyemba.

Kuyambira apo m'chipinda muli bata.
Palibe woti wandisinthira, palibe woti wandinyoza.
Wokudzudzula alibe nkhope,
sungamusungire mangawa,
sungakumane naye pa maliro.
Koma ndinene zoona,
madzulo ena ndimalisowa phokoso lija.

Dzulo Mayi Nangondo anaimba
ali m'munda, mphepo ikuwomba m'foni.
Akuti, ana inu, chinthu chanuchi n'chokongola,
koma zilembo zake ndi nthanga za fodya,
ndikuchita kutsinzina diso limodzi.
Batani lanulo padzuwa silioneka,
chithunzi chisanatseguke bando yatha,
ndipo mtengo wa thumba ndi wa m'Malichi.
Kodi mukufuna tigulitse moluza?

Ndinayang'ana pa sikirini.
Kachongi kali phee, kobiriwira,
kokhutira ndi ntchito yake.
Mizere yonse yawongoka,
mipata inayiinayi ngati asilikali pa perete.
Mlonda sananame.
Anayang'ana zimene tinamutuma.
Sanaimepo pa dzuwa la ku Bembeke
ndi foni yong'aluka galasi,
manja ali dothi lokhalokha.

Dzinkambani akuti tikulitse zilembo.
Ine ndikuti tiyambe tachepetsa chithunzi.
Akuti ayi. Ndikuti iwe, tamvera.
Mawu akwera, mbaula yaiwalika,
tayambiranso,
koma lero tikukanganira maso a Mayi Nangondo.

Mawa tikwera kabaza kukawaona,
laputopu m'chikwama, jekete ziwiriziwiri.
Mipata ndi mipatuliro
tamusiyira mlonda.
Iye sazizidwa.